Dzina la Bishopu Wamakani

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ubatizo unatsala pang'ono kundidutsa chifukwa cha dzina.

Kwathu ku Dedza mwana sankadzisankhira dzina la ubatizo. Ankasankha ndi akatekisiti. Athu anali a Zakaliya, munthu wamfupi wonunkha fodya wamphuno. Pasaka itayandikira anatiimika pamzere kuseri kwa tchalitchi, n'kumagawa mayina ngati akugawa makasu. Atafika pa ine anati, "Iwe ndiwe Atanazio."

Dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Ndinalibwereza njira yonse kuti lisandithawe.

Kunyumba mawu omaliza anali a malume anga, eni mbumba. Iwo sankapemphera, anali a kudambwe. Ubatizo sanaukane, poti amayi anali atawapempha kale. Anakana dzina.

"Mwana wa mlongo wanga satenga dzina la mzungu wosadziwika. Ukawauze."

Ndinakawauza. A Zakaliya anaseka mpaka kutsokomola. "Mzungu uti? Ameneyu ndi mmodzi wa akuluakulu oyamba a Mpingo. Analemba za chikhulupiriro chathu Angerezi asanaphunzire n'kugwada komwe. Kwawo ndi ku Ejipito, mu Africa momwe muno."

Ndinathamanga nawo uthengawo. Ndinapeza malume akusema mpini.

"Wa muno? Chabwino. Mfunda wake ndani? Ndi Phiri kapena Banda?"

Ndinabwereranso. A Zakaliya mfundawo sankaudziwa. M'malo mwake anandipatsa kachithunzi koti ndikaonetse. Panali nkhalamba ya ndevu zazitali, itanyamula buku lalikulu, nkhope ili mbuu ngati ufa woyera. Malume anakayang'ana, n'kundibwezera.

"Akundiyesa mwana, eti?"

Apa mutu unaima. Akatekisiti sanama. Maso nawonso sanama. Ndinalimba mtima n'kukafunsa bambo mfumu, mzungu wa ku mishoni. Anati munthuyo sankafanana ndi iwo, sankafanananso ndi ine, ndipo wojambulayo sanamuonepo. Ndinachoka nditasokonezeka kuposa mmene ndinabwerera. Munthu wosakhala mzungu, wosakhala wakuda, ndipo chithunzi chake si chake. Nanga ndikabatizidwa m'dzina la ndani?

Anzanga anali atasoketsa kale malaya oyera. A Zakaliya anandiuza kuti popanda chilolezo cha malume ndidikira chaka chamawa, pamodzi ndi tiana tamamina. Kusintha dzina anakana. Nawonso anali ndi mtima wawo.

Potsiriza anabwera okha kwathu pa njinga. Amayi anawayalira mkeka. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, n'kumamvetsera nkhani yanga.

Malume anati, "Za khungu tizisiye. Kuno mwana amatengera mwini dzina. Munthu wanuyu anachita chiyani?"

"Anali bishopu. Ankaphunzitsa kuti Yesu ndi Mulungu weniweni. Mafumu aakulu anamuuza kuti afewetse mawu. Anakana. Anamuthamangitsa. Atabwerera ananena zomwezo, anamuthamangitsanso. Anakabisala kuchipululu, n'kumalemba zomwezo."

"Sanapepese?"

"Mpaka kufa."

 Malume anandiloza ndi sompho.

"Ndiye wapeza mnzake. Uyu akakana kukadyetsa mbuzi, ngakhale mkwapulo sumusuntha. Mpatseni dzinalo."

Ndinabatizidwa ndi anzanga. Madzi akutsika pamphumi ndinali ndikudzifunsabe ngati malume ananditama kapena ananditukwana.

Lero ndine nkhalamba. Ndimakhala ku Barking, m'dziko la Angerezi, kwa mwana wanga wamkazi, namwino. Chaka chatha ananditengera kuchipatala ku Edmonton, konkuno, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Dokotala atawerenga dzina langa anamwetulira, n'kulankhula Chingerezi chothamanga.

"Adadi, akuti iwo ndi a ku Egypt, dzina lanuli ndi la kwawo," anatero mwana wanga. "Akufunsa ngati munawerengako zimene mwini dzinali analemba."

Ndinati sukulu ndinalekera sitandade faifi. Mabuku ake sindiwadziwa. Ndimangodziwa kuti anakana.

Dokotala anaseka, n'kufunsa ngati mapilitsi ake ndiwakananso.

"Ndiye problem yake imeneyo, dokotala," anatero mwana wanga, osandiyang'ana n'komwe.

Mkangano wa akuluakulu akalewo sindiumvetsa mpaka lero. Ndamva maulaliki ambiri, kwathu ndi kuno, koma mmene Atate ndi Mwana alili amodzi pomwe ali awiri, mutu wanga sufikapo. Sindidziwanso ngati dzinali linandipatsa makani kapena linangowapeza. Chimene ndazindikira n'chakuti munthu ukhoza kumusenza moyo wonse osadziwa nkhope yake kapena mabuku ake, bola udziwe pamene anaima. Malume, amene sanapondepo m'tchalitchi, ndiwo anafunsa zimenezo.

Mapilitsiwo ndimamwa. Koma ndimamwa pa nthawi imene ndafuna ine.