Analimata a m'bokosi la azakhali

Azakhali anga atathawa nkhondo ku Mozambique, anafika kwathu kwa Makhuwira atasenza bokosi lachitsulo. Titalitsegula, munatuluka analimata awiri otuwa, aakulu kuposa amene tinkawadziwa, n'kuthamangira kudenga. Amayi anatenga tsache, koma azakhali anawagwira dzanja.

"Asiyeni, mulamu, ndayenda nawo ulendo wautali," anatero.

Kuchigwa kwathu n'kotentha, koma mu Juni kumabwera chiperoni, kamphepo kozizira kodza ndi mvula yowaza. M'mawa wina ndikusesa, ndinapeza nalimata mmodzi ali chagada pansi, atauma gwa. Ndinali kamtsikana kokonda maliro a tizilombo, choncho ndinamukulunga m'tsamba la nthochi, n'kuyamba kukumba kadzenje kuseri kwa nkhokwe. Azakhali anandipeza ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi.

"Mwanawe, wafunsa mwini wake ngati wafadi?" anandifunsa.

Anamuika pachikhatho, namuuzira mpweya, kenako anamugoneka pa njerwa pafupi ndi moto. Posakhalitsa mchira unagwedezeka. Ndisanatseke pakamwa, malemu aja anali atakwera khoma, ndipo amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

Masabata otsatira kunazizira koposa, koma analimatawo sanagwenso. Masana ankabisala kunsi kwa malata ofunda, madzulo n'kutsika kudzagwira udzudzu, akuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Chaka chinacho ana awo anali mbwee mpaka kwa aneba, ndipo mu chiperoni ankasakabe udzudzu, ife tikunjenjemera m'mabulangete.