Pikapu ya bambo ndi ulendo wa ku Thyolo

Bambo anga anali ndi pikapu yoyera imene sinkayenda, komatu sinali yakufa. Anaigula atangopuma pa ntchito ya udalaivala, ndipo anaiimika kuseri kwa nyumba yathu ku Kawale, ataikhazika pa njerwa kuti matayala asamagunde pansi, pamwamba ataifunditsa masaka osokedwa pamodzi. Inali yakale kuposa ine, mwana wawo woyamba, amene panthawiyo ndinali nditayamba kale uphunzitsi.

Aliyense pakhomopo ankadziwa ntchito ya galimotoyo. Makolo anga anachokera ku Thyolo, ndipo anaona kambirimbiri mmene anzawo akumwera ankavutikira pakagwa zovuta: thupi kukhala masiku kuchipatala, amuna akuyenda khomo ndi khomo kupempha lole. Tsiku lina bambo analonjeza mayi, ine ndikumva.

"Inu simudzapita kwanu pa galimoto yopempha. Ndikadzatsogola ine, mudzapeze dalaivala. Mukadzatsogola inu, ndidzakuyendetsani ndekha mpaka pakhomo pa achemwali anu."

Bambo ankakhulupirira kuti galimoto imatha ndi kuyenda, ngati nsapato. Choncho anadzaza petulo m'thanki mpaka pakamwa, n'kutseka. Loweruka lililonse ankaivundukula, kuiliza pang'ono, kupendeketsa mutu n'kumvetsera injini, basi n'kuizimitsa. Petulo akatsikako ankangothirapo wina wa m'botolo. Ife tinkapanikizana m'minibasi ndi matumba a chimanga pomwe galimoto ili pakhomo ikuwothera dzuwa. Zinkandipsetsa mtima, sindinama, koma bambo sanali munthu woti n'kuwauza kanthu pa nkhani ya galimoto.

Amene anayesa anali aneba athu, bambo ochokera ku Dowa amene ankakonza magalimoto ku Mchesi. Inali nthawi imene pawailesi pankamveka kawirikawiri nkhani ya ethanolo, mafuta opangidwa kuchokera ku nzimbe amene amasakanizidwa ndi petulo. Ankati mwina awonjezera muyezo wake, ndipo eni magalimoto akale anali ndi nkhawa. Amakaniko aja anabwera Loweruka lina, ananunkhiza pakamwa pa thanki, n'kupukusa mutu.

"Abambo, petulo uyu wagona. Mafuta osakaniza ndi ethanolo safuna kukhalitsa. Amakoka madzi, madziwo amakhala pansi, thanki n'kuchita dzimbiri. Nawo mapaipi a labala akalewa amauma n'kung'aluka."

"Ndiye mukuti galimoto yakale singayendere mafuta amenewa?"

"Ayi, ikhoza bwinobwino. Zakale zingati zikuthamanga pamsewu wa Mchesi? Tingosintha mapaipi, tithire petulo watsopano, ndiye muziiyendetsa. Olo kungofika pa Biwi n'kubwerera."

Bambo anaseka chiseko chawo chija cha munthu amene wayendetsapo mabwana. Anati iwo anagwira chiwongolero amakanikowo asanadziwe n'komwe sipanala. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la bambo tsiku limenelo linali lolimba, ndipo masaka anabwerera pamwamba pa pikapu.

Mayi anamwalira patatha chaka ndi miyezi, nyengo yadzuwa, atadwala kwa milungu itatu. M'mawa wa ulendo amuna anatsitsa pikapu pa njerwa, bokosi linakwezedwa, ndipo ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi mutu wa mayi, pamodzi ndi amayi anayi a kumpingo. Anthu ena anakwera minibasi imene mpingo unapeza. Injini inalira kamodzi kokha, ndipo bambo anayang'ana amakaniko aja monyadira.

Titangodutsa Area 36, galimoto inayamba kutsokomola. Inagwedezeka kawiri, n'kuzima. Fungo la petulo linatikuta, nyimbo imene amayi aja ankaimba inathera pakati. Bambo anatsika n'kutsegula boneti. Paipi inali itang'aluka, petulo akudontha. Oyenda pansi anaima chapatali, amuna atavula zipewa. Mkulu wina wa mpingo ananena motsitsa mawu kuti ali ndi mnzake wa lole, akhoza kumupempha. Bambo anakhala pansi m'mbali mwa msewu, pafumbi, atavala suti. Sindinawaonepo aang'ono chotero, ndipo mkwiyo wanga wonse wa zaka zija unasanduka chisoni.

Amakaniko aja anatsika mu minibasi imene inkatitsatira. Anavula jekete, anamasula kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, n'kutiwonetsa matope ofiira amene anadzaza m'katimo. Kugwedezeka kwa pamsewu kunali kutavundula dzimbiri lonse la m'thanki. Sananene kuti ndinakuuzani. Anakwera njinga yakabaza, ndipo anabwerera ndi paipi yaitali yatsopano ndi chigubu chachikulu cha petulo. Anatsuka kabuleta, kuipemerera ndi pakamwa, kenaka anadutsitsa paipi kuchokera ku injini, kulowa pa zenera, mpaka m'chigubu chimene anaika pansi kutsogolo kwa mpando.

"Thanki tiiiwale. Injini imwera m'chigubumu. Koma pafunika munthu wogwira chigubu kuti chisagwe, paipi isatuluke. Mawindo onse otsegula, ndipo wina asayatse fodya."

Bambo anadzuka, anasansa fumbi, n'kundiyang'ana.

"Iwe, bwera kutsogolo kuno."

Sindinafune. Malo anga anali pafupi ndi mayi. Koma ndinazindikira kuti bambo sakanatha kukhala maola onsewo pambali pa mwamuna mnzawo amene anawaona atakhala pafumbi. Ndinapana chigubu ndi mawondo, dzanja limodzi pa paipi, ndipo tinanyamuka.

Masiku ano ndikamva anthu akukangana ngati ethanolo amawononga magalimoto akale, ndimangomvetsera. Pikapu ija inakwera mapiri a ku Dedza ndi petulo yemweyo wosakaniza, osadandaula. Tinadzaza chigubu ku Ntcheu, tinadzazanso ku Blantyre. Mutu unkandiwawa ndi fungo, miyendo inachita dzanzi, nsalu yanga inanyowa m'mphepete. Kumbuyo amayi aja anayambanso kuimba. Njira yonse bambo maso anali pamsewu, akuzemba dzenje lililonse mosamala ngati anyamula mazira.

Tinalowa m'minda ya tiyi dzuwa litapendeka. Titaona masamba oikidwa pamsewu, chizindikiro cha nyumba ya maliro, bambo anachepetsa liwiro. Achemwali a mayi anali ataima pakhomo, okalamba, atagwira ndodo, ndipo kulira kunali kutayamba kale. Bambo anazimitsa injini koma sanatsike. Ndinkaganiza kuti anena zoti lonjezo lakwaniritsidwa, ndipo ndinali wokonzeka kuwavomereza.

"Mayi ako anandipempha kanayi," anatero, osandiyang'ana. "Ankati tiyeni pa Khrisimasi tikawaone achemwali ndi galimoto yathuyi, ndikhale kutsogolo, anthu akandione. Ine ndinkati ayi, itha."

Anayang'ana mpando umene ndinakhalapo, ine ndi chigubu changa, kenaka anatsegula chitseko n'kupita kukathandiza kutsitsa bokosi.