Bwato Pansi pa Mtengo wa Manambala

Ndinakwatira kumudzi wa m'mbali mwa Chilwa ndili ndi bwato basi. Munda unali wa mkazi wanga. Nyumba inali pamalo pa amayi ake. Ngakhale ana, mukafunsa mwini wake, anthu ankaloza alamu anga, achimwene a mkazi wangayo. Changa chinali bwato la mbawa. Ndinalisema ndekha kuphiri, n'kulitsitsa pangolo ya ng'ombe.

Dziko litalandira ufulu kunayamba kubwera anthu a ku yunivesite. Ankatunga madzi m'mabotolo, kugwira matemba n'kuwayeza ngati nsalu, kufukula matope. Anazika m'nyanja mitengo yopakidwa utoto, yolembedwa manambala, yowerengera kuya kwa madzi. Umodzi unali kutsogolo kwa doko lathu, kumbali ya ku chilumba cha Chisi. Nthawi zina anthuwo ndinkawanyamula pabwato langa. Amene ndinkamvana nawo anali aphunzitsi ena, Mmalawi mnzathu, wamtali, wovala majombo ngakhale kunja kukutentha. Sankalankhula zambiri. N'chifukwa chake tinkagwirizana.

Chaka chilichonse mvula isanayambe ankaitanitsa msonkhano pasukulu. Ankanena zimene achita chaka chimenecho ndi zimene adzachite chaka chamawa. Ine ndinkapita chifukwa msonkhano masiku amenewo sunkakanidwa.

Kenako nyanja inayamba kuthawa.

Mmawa uliwonse ndinkapeza bwato lakhala pamatope. Ndinkalikoka kulondola madzi. Mawa lake chimodzimodzi. Udzu wa njedza unauma. Milamba inatsalira m'zithaphwi, ana n'kumaitola ndi manja. Mapeto ake madzi anangosanduka phala lonunkha, ndipo bwato langa linagona pafupi ndi mtengo wa manambala uja, dzuwa likuliwotcha. Kumutu kwake kunaoneka mng'alu woyamba.

Bwato losiyidwa padzuwa silichedwa. Likapanda kung'aluka, amalimaliza ndi anthu. Kudera kwathu nkhuni ndi zosowa, ndipo mabwato angapo anali atathera kale pamoto.

Alamu anali ndi maganizo awo.

"Alamu, libweretseni kumudzi. Tiziikamo gaga wa nkhumba."

"Ayi."

"Nanga mukuti mulitani? Muzilipalasa pafumbi?"

Akuluakulu ankanena kuti nyanja itaumanso kalelo, iwo anakwirira mabwato m'matope a pansi, kumene chinyezi sichitha. Lamulungu lina anthu ali kutchalitchi, ine ndi mkazi wanga tinatenga makasu. Tinakumba dzenje pambali pa mtengo uja, kugubuduziramo bwato chafufumimba, n'kufotsera. Tinasalaza bwino. Pakati pa nyanja youma palibe chulu, palibe mwala, palibe chitsamba. Chizindikiro changa chinali mtengo wa anthu a ku yunivesite. Ndinkati chinthu cha anthu ophunzira sichisuntha.

Alamu atafunsa, ndinati lili pabwino.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa m'munda wa eni. Alamu anali atalandira puloti ku sikimu ya mpunga ku Likangala. Ndinkawokera nawo mbande, msana uli chowerama, maso ali kum'mawa. Ntchito sinkandigwira mtima. Ndikapalira pang'ono ndinkaimirira, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana kunyanja. Alamu ankati ndili ngati nkhuku yofuna poikira. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndinkayenda kukaona mtengo, kuima pamenepo ngati ndikupuma, n'kubwerera. Mvula ya chaka chimenecho inangonyowetsa pamwamba. Panamera udzu. Ng'ombe zinayamba kudya pamene ndinkatchera ukonde, ndipo anthu ankapita ku Chisi panjinga.

Nthawi yokolola ndi kupuntha mpunga inatipanikiza, kenako kunyamula matumba kupita nawo ku Songani. Masabata angapo sindinapite kukaona mtengo uja.

Unafika msonkhano wa pachaka. Achinyamata a chipani anaima pachipata kuona makadi. Amayi anaimba. Apampando a nthambi analankhula nthawi yaitali. Kenako anaimirira aphunzitsi aja.

Anati chaka chino apeza kuti nsomba sizinathe, zabisala m'maiwe a m'mitsinje. Anthu anaomba m'manja. Anaonetsa botolo la madzi momwe anathiramo dothi louma la m'nyanja, ndipo munkayenda tizilombo ting'onoting'ono, chakudya cha matemba. Botolo linazungulira, aliyense kuliyang'ana ku dzuwa. Anati ophunzira awo ena amaliza maphunziro polemba za nyanja yathu. Tinaombanso.

"Komanso," anatero, "mitengo yakale yoyezera madzi tayizula yonse, inayamba kufumbwa. Chaka chamawa tidzazika yachitsulo, ndipo tikuyembekeza boti lathulathu."

Anthu anaomba m'manja. Ine manja anakana.

Ndinafuna kudzuka. Koma msonkhano umene atsegula apampando sutulukidwa iwo asanautseke. Achinyamata aja anali kumbuyo kwathu. Ndinakhalabe pansi. Wina anafunsa za feteleza. Wina za mbalame zodya mpunga. Amayi anaimbanso. Mkazi wanga anandiyang'ana kuchokera kumbali ya akazi, n'kuweramitsa mutu.

Atangotseka ndinauyamba ulendo. Mtengo kunalibe. Ngakhale dzenje lake, ng'ombe zinali zitapondaponda. Udzu, ming'alu, fumbi loyera la mchere, mbali zonse chimodzimodzi. Ndinaima pamene ndinkaganiza. Nditayenda pang'ono, apo napo panaoneka ngati pomwepo.

Ndinabwereka chitsulo chachitali kwa munthu wokonza njinga, n'kuchinola kunsonga. Mmawa ndinkapita kusikimu, masana kunyanja. Kubaya pansi, kuzula, kusuntha phazi, kubayanso. Manja anatuluka matuza. Abusa a ng'ombe ankafunsa ngati ndikusaka mbewa. Chakudya sichinkalowa. Ndikakhala pakhonde ndinkadzukanso osadziwa kumene ndikupita.

"Munati chinthu cha anthu ophunzira sichisuntha," anatero mkazi wanga.

"Ndinatero."

"Mukawafunse eni akewo."

"Mudzi wonse udziwa."

"Udziwe. Panopa amene akudziwa ndi ng'ombe zokha."

Mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Zomba. Chaka chonse ndinkapempherera madzi, tsopano ndinkawaopa. Akangophimba pamenepo, bwato ndiye lapita. Ndikanakhala mkamwini wopanda chake mpaka imfa, kuwokera mpunga wa alamu.

Aphunzitsi ndinawapeza kumathero a mtsinje wa Likangala, ali m'dziwe mpaka m'mawondo, akuvuula tinsomba ndi kaukonde.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mwasowa."

"Ndadzuka. Mtengo wa padoko pathu munazula."

"Eya. Chaka chamawa tibwezera pomwepo."

"Madzi akabwera chaka chino?"

"Ndiye tidzabwera paboti."

"Boti ndi lanu. Langa lili pansi pa mtengo uja."

Anandiyang'ana. Nditafotokoza anaseka mpaka kaukonde kanagwera m'madzi. Kenako anasiya.

"Bwanji simunatiuze?"

"Inu munandiuza kuti muzula?"

"Tinanena pamsonkhano wa chaka chatha. Pa zimene tidzachite."

Mwina ananenadi. Mbali ya zimene adzachite sindinkaimvetsera. Ndinkaiyesa nyimbo yotsekera.

Ndinawafunsa ngati madzi abwera chaka chino. Anati sakudziwa. Ndinati nanga zaka zonsezi mukuyeza chiyani? Anati akuyeza kuti tsiku lina adzadziwe. Sindinakhutire, koma sanandinamize.

Anabwera mawa lake masana ndi makina a miyendo itatu okhala ndi galasi losuzumiramo. Anati pozika mitengo ija, uliwonse anauyeza ndi nsonga ya phiri la ku Chisi, denga la sukulu, ndi mkuyu wa padoko. Anandipatsa nsungwi kuti ndiigwire chilili. Iwo kusuzumira, kukweza dzanja, ine kusunthira kumanja. Kusuzumiranso, ine kubwerera m'mbuyo. Ananyamula makina kupita nawo pena, n'kuyambiranso. Anandipititsa kutali ndi kumene ndinkabaya masiku onse aja.

Anthu anayamba kusonkhana. Abusa, amayi ochokera ku Chisi ndi mitolo pamutu, achinyamata awiri a chipani. Alamu nawo anafika, khasu lili paphewa.

"Apa," anatero aphunzitsi. "Kapena pang'ono chauko. Makinawa si mulungu."

Ndinabaya. Matope okha. Ndinasuntha, kubaya. Matope. Kumadzulo kunagunda bingu. Thukuta linkalowa m'maso. Ndinazungulira nsungwi ija, kubaya, kuzula, kubaya. Ndiye chitsulo chinaima. Ndinachikweza pang'ono n'kuchigwetsanso. Chinalira ngati mtondo wopanda kanthu.

"Muli chiyani m'menemo?" anafunsa mmodzi wa achinyamata aja.

"Bwato langa."

Alamu anatsitsa khasu. "Alamu, ndiye munadzala bwato? Likamera mutigawireko mbewu."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinkawerenga nkhope. Aliyense pamenepo anali ndi nyumba yosowa nkhuni, ndipo mbawa youma imayaka bwino. Kulifukula sikukanatheka, dzuwa linali likadalipo. Kugona pomwepo tsiku ndi tsiku sikukanathekanso.

Aphunzitsi anaona. Anapita kugalimoto yawo, n'kubwera ndi paipi yachitsulo yopakidwa utoto wofiira ndi woyera, ndi nyundo. Anaikhoma pambali pa bwato, analemba nambala pamwamba pake.

"Ya chaka chamawa yoyamba ndi imeneyi," anatero mokweza, akuyang'ana achinyamata aja. "Malo ano ndi oyezera. Pasakumbidwe."

Masiku amenewo chinthu chokhala ndi utoto ndi nambala munthu sankachikhudza. Achinyamatawo anagwedeza mitu, n'kuyamba okha kubweza anthu m'mbuyo.

Mvula inabwera yeniyeni. Likangala anadzaza, anasefukira. Ndinkapita kupaipi mmawa ndi madzulo, alamu akudandaula kuti mbande zikukalamba. Madzi atafika m'kakolo ndinati nthawi yakwana. Tinakumba atatu, ine, mkazi wanga ndi alamu, amene ankatukwana matope nthawi yonseyo koma sanasiye khasu. Bwato linatuluka lakuda, lolemera, lonunkha. Kumutu kumene kunali mng'alu kunali kutawola. Ndinadulako, kukhomapo lata, kumata ndi phula. Linafupika, ndipo linkakokera kumanzere mpaka kutha kwake. Koma linayandama.

Matemba anachedwa kubwerera. Ndinkapalasabe, nsomba zilipo kapena palibe. Kusikimu sindinabwererenso.

Pamsonkhano wotsatira ndinakhala kutsogolo. Ananena zimene achita: mapaipi azika, boti lafika, nsomba zatsika m'mitsinje. Atafika pa zimene adzachite ndinatchera khutu. Anati akufuna kudziwa kuti nyanja idzaumanso liti.

Ndiye kuti idzaumanso. Anthu anaomba m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo ndikatuluka padoko ndimayamba ndadutsa papaipi ija kuona pamene madzi afika, kenako ndiye kukatchera. Chitsulo chobayira sindinachibweze kwa wokonza njinga. Ndinamupatsa milamba, icho n'kuchisomeka kudenga. Chikadali pomwepo.