Ziwala za M'kathumba ka Shuga

Lero chisoso chandimata pasiketi, ndipo ndakumbukira nthawi yomwe likulu linkasamukira ku Lilongwe. Bambo, omwe ankasamala maluwa panyumba ina ku Area 12, ananditengera kutchire losungirako nyama, pakati pa Old Town ndi City Centre. Mvula inali itangosiya, udzu wautali ukununkhira padzuwa. Iwo ankandilozera gwape ndi nkhanga, koma ine ndinali kalikiliki kugwira ziwala n'kumaziponya m'kathumba ka shuga.

Potuluka, mlonda wapachipata anaseka. "Mwanawe, zam'muno si ndiwo. Timangoziona."

"Kungoziona basi? Zonona chonchi?"

Bambo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. "Masula, mama."

Ndinamasula. Ziwala zinauluka zonse pamodzi, mapiko ali psuu, china n'kukatera pachipewa cha mlondayo. Iye anangoima chilili, osachithamangitsa.