Mbululu m'botolo la mvula

Ndikukumbukira m'mawa umene ndinanamiza mzungu amene tonse tinkamuopa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anga anali mlonda pa siteshoni yoyesera mbewu kufupi ndi Thyolo, ndipo nyumba imene tinkagonamo inali ya siteshoniyo.

Mzunguyo tinkamutcha Zalazitatu. Dzanja lake lamanja linatsala ndi zala zitatu, khungu la mkonowo lili makwinya okhaokha. Anapsa pa nkhondo yaikulu, ali msilikali wa m'sitima ya pamadzi. Ankayeza dothi ndi madzi m'chipinda chodzaza mabotolo, chonunkha mankhwala. Ana tinkati ndi namapopa. Lamulungu ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, akuimba mokweza, ife n'kumati akungobisa zake.

Ntchito yanga inali imodzi. Pabwalo panali mtengo, pamwamba pake fanulo, pansi pa fanuloyo botolo. M'mawa uliwonse ndinkatenga botololo kupita nalo kwa iye, kuti ayeze mvula imene yagwa. Lamulo linali lakuti lisatayike dontho.

Tsikulo inali itagwa yamphamvu. Ndinathamanga, ndinaterereka pamatope, madzi onse khuthu. Ndinaima pamenepo. M'maganizo ndinaona bambo atachotsedwa ntchito, ife asanu ndi awiri tili pamsewu ndi mphasa zathu. Ndinatsikira kudambo, ndinatunga mpaka pamene ndinkakumbukira kuti madzi analekezera.

Iye anathira madziwo m'galasi lake la mizere, nalikweza pawindo. Kenako anandiitana.

"Filipo, tabwera."

M'galasimo munkasambira kambululu.

"Kodi mvula ya kuno ikugwa ndi ana a achule?"

Anatseka chitseko. Ndinayang'ana majekeseni amene anali patebulo, ndinati magazi anga apita lero. Mkodzo unatsika wofunda mpaka kumapazi. Anauona.

Anakhala pampando, naika dzanja lija pabondo. Anati sitima yawo itaphulitsidwa, otsala anakwera kabwato, ali ndi chitini chimodzi cha madzi akumwa. Wosunga chitinicho anaona kuti chikudontha, koma anaopa kunena. Tsiku lililonse ankati madzi alipo. Anzake ankamwa mosaumira, mpaka m'mawa wina anapeza mouma.

"Anayi sanafike kumtunda," anatero. "Wosunga chitini uja sanali munthu woipa. Anali wamantha, ngati iwe. Mulungu akudziwa mvula imene yagwa usiku. Ine sindikudziwa. Ukandinamiza, inenso ndikanamiza alimi."

Anandipatsa pensulo, natsegula buku la mvula. Ndinalemba mawu amene anandiuza: sitikudziwa.

"Nanga bambo anga, bwana?"

"Bambo ako sanataye madzi. Kabweze mwana wa eni akeyu kudambo."

Bambo ndinawauza ndekha. Anandikwapula ndi lamba, ndipo anachita bwino.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma buku la mvula ndinaligwira zaka makumi anayi, popanda wopeza cholakwa. Bwanayo atapeza ntchito yofufuza madzi a pansi pa nthaka ku Botswana, ananditenga. Ndimo ndinafikira ku Gaborone kuno.

Mu 2005 anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi, maso atafa. Ankakhala ku Tsholofelo, mu Gaborone momwemuno, kwa mwana wake wamkazi, amene anabadwira ku Thyolo ine ndikuona. Lamulungu lililonse ndinkakwera kombi kuchokera kwathu ku Old Naledi kukamuwerengera Masalimo. Botolo lake linali likadali pabwalo. Chaka chimenecho kunauma koopsa. Damu la Gaborone linaphwa mpaka matope kung'aluka, ndipo Atswana ankalirira pula, ndiyo mvula m'chinenero chawo.

Lamulungu lomaliza mitambo inasonkhana, kunagunda, mphepo inauluza fumbi, basi. Iye anamva kugundako ali chigonere.

"Filipo, yagwa?"

Mwana wake anandigwira mkono, nanong'ona: "Madala, chonde, muwauze kuti yagwa. Apite akusangalala."

Mantha aja a m'chipinda cha mabotolo anandibwerera, ine nkhalamba ya imvi. Ndinatuluka, ndinakweza botolo kumwamba. Munali fumbi ndi nyerere yakufa.

"Siinagwe, bwana."

Anamwetulira. "Lemba ziro."

Ndinalemba. Anamwalira Lachitatu.

Mwana wakeyo anakhala mwezi osandilankhula. Sindinapepese. Ndili mwana ndinkayesa kuti choopsa m'chipinda muja chinali munthu wa zala zitatu. Tsopano ndikudziwa kuti choopsa ndinalowa nacho ine, m'botolo. Wamantha amene amati madzi alipo ndiye amapha anzake. Bukulo lili kwa ine, ndipo ziro uja ndi wanga.