Nyanga za gwape m'filiji yathu

Bambo anga, amene kumudzi anali ahedi a sukulu, atathawira ku London anapeza ntchito ku Edmonton, dera lina la mumzindawo, kwa mzungu wina woumika nyama zakufa kuti zizioneka ngati zamoyo. Anali akadali poyesedwa, ndipo tonse tinkadziwa kuti akalakwitsa, ntchito ina panalibe.

Tsiku lina filiji ya abwana awo inafa, Bambo n'kudzipereka kusunga nyanga za gwape wamkulu wa ku Ulaya m'filiji yathu. Zinali nyanga zanthete, zokutidwa ndi khungu la ubweya wofewa ngati wa mwanapiye, ndipo kasitomala amene anazibweretsa kwa abwanawo ankafuna ubweyawo, osati china. Bambo anatiphunzitsa ngati tili m'kalasi. Khungulo lili ndi magazi, limaola msanga, ukaligwira ndi manja ubweya umasosoka. Lizikhala lozizira mpaka abwana alibaye jakisoni wa mankhwala, nsonga ndi nsonga. Tonse tinamva. Amene sanamve ndi azakhali, achemwali awo aakulu a Bambo, chifukwa anafika mawa lake kuchokera ku Lusaka.

Mlendo wa kwathu sakhala manja lende. Loweruka ife titapita kumsika, azakhali anatsegula filiji kufuna ndiwo, n'kupeza chinthu chaubweya. Kwa iwo chaubweya chikapezeka kukhitchini chimafuna moto basi, monga mang'ina kapena mutu wa mbuzi. Fungo tinalimva tili pamasitepe. Tinawapeza atawawula pagasi, atapala ndi mpeni, nyanga zili mbee.

"Achimwene," anatero, "mabutchala a kuno ndi aulesi. Kukugulitsani osawawula? Ndiponso akuberani, mulibe mnofu umu."

Ine ndinathawira kubafa kukaseka. Pobwerako ndinapeza Bambo ataima pomwepo, akuyang'ana mlongo wawo amene anawabereka kumsana, amene ankaganiza kuti sadzamuonanso. Chisoni chinandigwira. Kenaka Bambo anavula chipewa.

"Zikomo achemwali, mwagwira ntchito. Mwapala bwino zedi."

Lolemba ntchito inatha. Abwana anawaponyera nyangazo, Bambo anakwera nazo basi n'kudzazikhomera pakhoma kuti tizikolekapo majasi. Azakhali anauzidwa kuti Bambo asiya okha chifukwa mankhwala ankawatsokomoletsa.

Azakhaliwo anakhala nafe mpaka kumwalira kwawo, ndipo mlendo aliyense akamavula jasi ankamulozera pakhomapo. "Zinali zauve izi, ndinayeretsa ndine."

Bambo, atavala yunifomu ya ntchito yawo yatsopano ya ukondakitala wa basi, ankagwedeza mutu. "Zoona, ndi iwowa."