Ng'ona ya Esinati yachoka pawindo

Lachiwiri, 2 koloko masana. Ndangotsika minibasi, nsapato sindinavule.

Esinati mnzanga, lero ndakukumbukira pakati pa tauni. Pakhonde la banki pomwe amagulitsa ziboliboli ndaona ng'ona yadongo, maso ake mabatani obiriwira. Ukukumbuka m'bindikiro wa ku Limbe uja, asisitere akutiphunzitsa za woyera amene ankati nyama zonse ndi abale ake? Anatipatsa dongo kuti aliyense aumbe m'bale wake. Ife tinaumba nkhunda. Iwe wa ku Nsanje unaumba ng'ona, n'kuthothola mabatani a bulauzi yako kuti akhale maso. Unati, "Asisitere, ameneyu anadya mlongo wanga. Ngati kukhululuka kulipodi, ndiyambire pa iyeyu."

Utamwalira tinaiika pawindo la holo ya tchalitchi kuti tizikuonerapo. Mwezi watha inasowa, akuti inagwa posesa. Nanga zidutswa zake anaziona ndani? Wogulitsa uja akuti anaumba yekha, koma polankhula maso ali kumbali. Sinditchula munthu, Esinati, koma chitseko cha holo sichidzitsegula chokha.

Inu mukuwerenganu, tumizirani ena mpaka zimufike wosunga makiyi. Lamlungu ndidzayamba ndayang'ana pawindo ndisanalowe m'tchalitchi.